Mawu Otsazika a Ife Amene Tikusamuka M'nyengo ya Khrisimasi

 

A komiti yokonza chikondwererochi anagawa nthawi bwino. Akuluakulu atikumbutsa mmene mpingo unayambira, amayi afotokoza ntchito zawo, ndipo asungichuma atiwerengera za njerwa ndi malata. Ife tapatsidwa mphindi zochepa kuti tilankhule m'malo mwa kagulu kamene kamakhalapo chaka chilichonse koma sikakumbukika kawirikawiri pa masiku aakulu ngati lero: anthu amene akumanga katundu. Chaka chino tilipo mabanja atatu ndi achinyamata angapo. Ena ndife aphunzitsi amene talandira makalata a transifa, wina ndi nesi, ena akupita kukoleji ku Chipata ndi ku Lusaka, ndipo mwana wathu mmodzi akutsata mwamuna wake ku Kitwe. Pofika Januwale, pa mabenchi pamene timakhala padzakhala anthu ena.

Nkhani yathu ndi imodzi. M'zaka 50 zimenezi mpingo uno waimirira pa miyendo itatu ngati mphika pa mafuwa: okhala, opita ndi obwera. Tikufuna kulankhula za mmene mtima umakhalira ukakhala wopita, ndi zimene tingachitirane kuti wopitayo asatayike.

Tiyambe ndi funso limene agogo ena anatifunsa sabata yatha: bwanji simunadikire kuti mukolole? Yankho lake n'lakuti kuno tili ndi makalendala awiri amene samvana. Kalendala ya boma imatseka sukulu kumayambiriro kwa Disembala n'kutsegulanso mu Januwale, choncho mphunzitsi wosamuka, mwana wosintha sukulu ndi wophunzira wopita kukoleji onse ayenera kunyamuka m'masabata ochepa ali pakatipa. Kalendala ya munda nayo ili ndi lamulo lake. Chizimalupsa chikadutsa, mvula yobzalira imagwa kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Mwezi uno ndi wobzala, wopalira ndi wothira feteleza, mwezi umene munthu wa kwa Mwase sayenera kusowa m'munda ngakhale tsiku limodzi. Ndiye taonani ife. Tinalima mizere kalata isanafike, tinabzala chifukwa dzanja silingaleke mvula itagwa, ndipo tsopano chimanga chili m'mawondo pamene ife tikufunafuna makatoni m'masitolo a ku boma. Chimanga chimenecho adzachipalira ena, adzachibandira ena, ndipo mondokwa woyamba adzawotcha ena.

Kumanga katundu kumaphunzitsa munthu zimene sanali kuzidziwa za nyumba yake. Zovala ndi mbale sizivuta, zimalowa m'matumba a ukwa n'kutha. Mkangano umayambira pa mtondo ndi munsi. Abambo akuti m'tauni muli zigayo ponseponse, amayi akuti nsinjiro za m'chigayo sizikoma ndipo mtondowo anawasemera ndi amalume awo. Mtondo wapambana, ukwera. Nkhuku zina tadya, zina tapatsa anansi kuti aziweta, mbuzi tasiya m'khola la achimwene. Nkhokwe singakwere galimoto, ndiye chimanga tatonola n'kuthira m'matumba, ndipo aliyense akuwerengera kuti matumbawo atifikitsa mwezi uti tisanayambe kugula unga. Pali kachitini kamodzi kamene amayi sakulola kuti mwana aliyense akakhudze. M'menemo muli nthanga za maungu, mbewu ya nshawa za Chalimbana, therere ndi chimanga cha makolo pang'ono. Sitikudziwa ngati kuseri kwa nyumba ya lendi kudzapezeka malo a mizere iwiri, koma kachitiniko kakupita.

Ndipo pali zinthu zimene sizimangika n'komwe: mtengo wa mango umene tinabzala mwana woyamba atabadwa, chitsime chimene tinakumba pamodzi ndi anansi, ndi manda a amene tinawaika m'dothi lino. Zimenezi tikusiya m'manja mwanu.

Chovuta china cha kusamuka mu Disembala n'chakuti tikuyenda mosemphana ndi dziko lonse. Pitani pa siteshoni ya mabasi ku Lundazi masiku ano. Basi iliyonse yochokera ku Lusaka ikufika yodzaza ndi ana a kuno, atanyamula shuga, mafuta ophikira, zitenge za amayi awo ndi nsapato za ana. Iwo akutsika akuseka. Ife tikufunsa mtengo wa Canter ndi kupempha mwini wake kuti asaiwale thenti, poti mvula ya mwezi uno sichenjeza. M'mudzi anthu akusankha tambala wa Khrisimasi, akufunsana kumene kwapezeka mpunga wa ku Chama, amayi akufulula thobwa ndi kuyeserera chimtali madzulo. M'nyumba zathu makatani achotsedwa kale, pakhoma pangotsala misomali, ndipo tikuphikira m'poto mmodzi amene sanalowe m'katoni.

Tinkaganiza kuti kupukwa kumayamba munthu akafika kuchilendo. Taona kuti kumayamba usananyamuke. Anansi athu Atumbuka amati phukwa, ana a masiku ano amati kuyewa, koma matenda ake ndi amodzi. Umayamba kuona zinthu zimene unkazidutsa osaziyang'ana. Inswa zikatuluka madzulo mvula itakata, ana n'kuthamanga ndi mabeseni, umaima pakhomo n'kumadzifunsa kuti kodi chaka chamawa udzazigula pa kambale pa msika? Mtsikana akabwera ndi bowa kuchokera kuthengo, kapena mnkhwani woyamba wotendera ukafika pa mphasa, umadya pang'onopang'ono ngati mlendo. Ngakhale matope a njira ya ku tchalitchi, amene takhala tikuwadandaula zaka zonsezi, sabata ino akuoneka ngati abale. Mwana wathu wamng'ono anafunsa kuti, kodi kumene tikupitako akatiitana ndi dzina liti, poti kuno aliyense amamudziwa ndi dzina la agogo ake? Funso limenelo ndi limene akulu tonse tili nalo, kungoti ife tachita manyazi kulifunsa. Kuno munthu ukadutsa, anthu amadziwa kuti ndiwe mwana wa yani, mbumba ya yani, wa Banda kapena wa Phiri, wa Mwale kapena wa Mbewe. Kumene tikupita tidzakhala a nyumba nambala yakutiyakuti.

Nyengo ino imatikumbutsanso kuti Khrisimasi yoyamba inapeza Yosefe ndi Mariya ali pa ulendo umene sanausankhe, woyambitsidwa ndi lamulo la boma, ndipo anasowa malo ogona. Chaka chino nkhani imeneyo tikuimva ndi makutu ena.

Koma tisalankhule ngati ndife oyamba. Dziko lino la Mwase wa Nthembwe lakhala likutsazika ana ake kuyambira kale. Malire amene atsamunda anadula anasiya abale a Mwase Kasungu mbali ina ndi ife mbali ino, ndipo mpaka lero mabanja amawoloka pa Lusuntha kukalira maliro kapena kukaona adzukulu ku Malawi. Msonkho wa atsamunda utafika, wofuna ndalama m'dziko lopanda ntchito ya ndalama, anyamata anauyamba ulendo wapansi. Ena anakalima fodya m'mafamu a Azungu ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Ena anapita ku Southern Rhodesia, ena anafika mpaka ku Joni, ndipo migodi ya mkuwa itatseguka ambiri analowera ku Luanshya, Mufulira, Kitwe ndi Chingola. M'midzi munatsala amayi, ana ndi nkhalamba. Amene muli ndi imvi mukukumbuka kalata ikafika, mmene mayi ankaitengera kwa aphunzitsi kapena kwa mkulu wa mpingo kuti amuwerengere, ndi mmene mudzi wonse unkadziwira madzulo omwewo kuti uje ali moyo. Mukukumbukanso amene anabwerako ndi njinga, bulangete, makina osokera ndi ndalama za malata. Ena mwa malata oyamba amene anafoleredwa m'midzi ino anagulidwa ndi thukuta la pansi pa mgodi.

Panalinso ena amene kalata zawo zinayamba kuchepa, kenaka zinaleka. Makolo athu anawapatsa dzina lowawa: machona. Mtchona sanali munthu woipa mtima nthawi zonse. Kawirikawiri ankayamba ndi manyazi. Chaka choyamba analibe chotumiza, ndiye sanalembe. Chaka chachiwiri anachita manyazi kuti sanalembe chaka choyamba. Zaka khumi zikadutsa, njira ya kwawo inali itamera udzu mumtima mwake. Kumudzi nakonso anthu ankatopa kufunsa, dzina lake n'kuleka kutchulidwa.

Zaka 50 za mpingo uno zaona mbali inanso ya nkhaniyi, ndiyo kubwerera. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, moyo wa m'tauni unayamba kulimba. M'zaka za m'ma 1990 makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo pofika 2000 migodi ya ZCCM inali itapita m'manja mwa ena. Anthu ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo ena a iwo anakweza katundu kubwera kuno ndi ana olankhula Chibemba amene sanagwirepo khasu. Tonse tinaona kusiyana kwake. Amene ankabwera pa tchuthi, amene ankatumiza kangachepe pa maliro, amene ana awo ankadziwa nyumba ya amalume awo, anapeza munda ukuwadikira ndi anthu owathandiza kuumba njerwa. Amene anadula chingwe anafika ngati alendo pa mudzi wobadwira, ena n'kuyamba kukangana ndi abale za malire a munda, ena n'kubwerera m'tauni kukavutika. Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mwambiwu ndi woona, koma kwanu kumafuna kukupalira ngati munda.

Chilala cha 2024 chinatikumbutsanso zomwezi. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. M'nyumba zambiri m'chigawo chino cha Kum'mawa, thumba la unga linagulidwa ndi ndalama imene inalowa pa foni kuchokera kwa mwana wa ku Lusaka kapena ku migodi. Zaka za zokolola zabwino zinthu zimayenda mobwerera: matumba a nshawa, nyemba ndi ufa amakwera basi kupita kwa ana a m'tauni amene akugula tumapaketi ta unga timene kumeneko amati pamela. Opita ndi okhala amadyetsana, malinga ngati chingwe chili chomangika.

Ulendo wathu tikuudziwa. Tidzadutsa pa boma, n'kuona komaliza hotela ya Castle imene inamangidwa m'nthawi ya DC Errol Button. Kuchoka pamenepo ndi makilomita pafupifupi 180 kukafika ku Chipata, kumene ena a ife adzatsikira. Otsalawo adzalowa msewu waukulu wa Great East, makilomita ena oposa 550, kudutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba kumene ana adzalirira nthochi. Pa mlatho wa Luangwa basi imaima, anthu n'kugula nsomba zouma ndi madengu. Amene anayendapo amadziwa kuti ukawoloka mlatho umenewo m'basi mumakhala bata pang'ono, chifukwa aliyense wa Kum'mawa amazindikira kuti kwawo kwatsala kumbuyo. Kenaka Rufunsa, Chongwe, mpaka phokoso la pa Intercity. Agogo athu ulendo wotere ankayenda masabata ambiri. Ife tidzanyamuka m'bandakucha n'kufika tsiku lomwelo, foni ili m'thumba. Ngati iwo ankatha kutumiza kalata kuchokera ku Joni, ife tilibe podzikhululukira.

Choncho pamaso panu tikulonjeza zinthu zinayi.

Choyamba, tichoka bwino. Akuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsogolera. Tisananyamuke tibweza ngongole ya pa kantini, khasu lobwereka ndi chopereka chimene tinalonjeza pa ntchito yomanga. Za minda imene tikusiya tikambirana pamaso pa amfumu ndi mboni, kuti adziwike wolima, adziwike mwini, ndipo pasadzakhale mlandu pakati pa ana athu ndi ana anu.

Chachiwiri, titenga makalata athu osamukira kwa alembi a mpingo, ndipo tikawapereka kumene tikupita mwezi woyamba usanathe. Kalata yosamukira ikagona m'sutukesi miyezi isanu ndi umodzi, mwini wake amakhala wopanda kwawo ku mbali zonse ziwiri. Akadwala palibe womuyendera, akaferedwa palibe womuimbira.

Chachitatu, sitidikira kuti tilemere kuti tiyambe kulankhula nanu. Mwezi umene tilibe chotumiza tidzaimbabe foni. Uthenga wa maliro ukatipeza, amene angathe adzakwera basi, ndipo amene sangathe adzatumiza chipepeso chake pa Airtel kapena pa MTN, ngakhale chikhale chochepa.

Chachinayi, ana athu sadzakhala alendo kuno. Tchuthi cha Ogasiti chimagwa nthawi yabwino, nkhokwe zili zodzaza, misewu youma, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Tidzayesetsa kuti ana azibwera, agone kwa agogo awo, atume ndi kutumidwa, adziwe kugwada popereka madzi. M'nyumba zathu tidzalankhula nawo chilankhulo cha kuno, kuti akadzakumana ndi ambuye awo pasadzafunike womasulira.

Kwa inu otsala tili ndi mapempho atatu.

Loyamba ndi la makolo athu. Ena a ife tikusiya amayi okalamba amene sangathenso kusenza ndowa kapena kufolera denga likadontha. Ndalama ya pa foni singatunge madzi, ndipo singazindikire kuti lero agogo sanatsegule chitseko. Amayi a chigwirizano, pa maulendo anu oyendera odwala, musadumphe makomo amenewa. Achinyamata, mukamapita kukapalira m'munda wa mpingo, patukirani kwa nkhalamba zimene ana awo ali kutali.

Lachiwiri, musatifufute. Tikupempha alembi kuti m'buku la mpingo mukhale tsamba la ana a mpingo uno amene ali kutali, ndi manambala awo. Pakagwa maliro tiuzeni tsiku lomwelo, tisadzamve kwa munthu wa pa basi patapita mwezi. Pakakhala ntchito yomanga tilembereni, musaganize kuti mukutivutitsa. Ndipo wina wa ife akakhala chete nthawi yaitali, musafulumire kunena kuti tauni yamudya. Mwina ndi manyazi aja tanena. Yambani ndinu kumuimbira. Machona ambiri akanabwerera kukanakhala munthu mmodzi wosatopa kuwafunsa.

Lachitatu ndilo lalikulu. Nyumba za aphunzitsi ndi za ku chipatala zimene tikutulukamo sizikhala zopanda anthu. Mu Januwale mudzalowa ena. Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi antchito a zaumoyo oposa 11,000, ndipo ambiri anatumizidwa kumidzi kutali ndi kwawo. Ena a iwo tinawaona kuno: ana aang'ono ochokera ku Mongu, ku Choma, ku Mansa, atanyamula matiresi amodzi ndi mbaula, osadziwa ngakhale kupereka moni m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Amene akubwera chaka chino nawonso pakali pano akumanga katundu, akuyang'ana mitengo ya kwawo monga mmene ife tikuyang'anira yathu. Adzafika mwezi wa njala, msika uli kutali, malipiro asanalowe. Akuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Tikupempha kuti kuno adye dzungu lenilenilo. Sabata yoyamba wina awatengere nkhuni zouma ndi kambale ka ufa. Wina awaonetse chitsime chabwino ndi njira ya kuchigayo. Wina awaperekeze kwa amfumu. Lamulungu loyamba musangowaimiritsa kuti anene maina awo n'kuwaombera m'manja, koma banja limodzi liwatengere kunyumba akadye nsima. Musayambe ndi kufunsa kuti amapemphera kuti. Ena a ife amene tikutsazika lero sitinabadwire kuno. Tinafika ngati alendo otere, mayi wina anatipatsa mzere wa mbatata ndi nkhuku ya chiweto, ndipo lero tikulira pochoka ngati mbadwa. Mmene mudzawalandirire iwo ndi mmene tikupempha kuti anthu a ku Kitwe, ku Lusaka ndi ku Chipata akatilandirire ife.

Abusa ndi akulu a mpingo, pamene mukuyamba zaka 50 zina, mudzawerenga mamembala amene ali pa mabenchi. Muwerengenso amene ali m'makomboni a ku Lusaka, m'migodi, m'makoleji ndi kutsidya kwa malire, amene Khrisimasi ikafika mitima yawo imakhala kuno. Nawonso ndi mpingo uno.

Khrisimasi tidya nanu, ndipo kwaya ikafuna mawu athu komaliza tilipo. Magalimoto ayamba kunyamuka chaka chatsopano chisanalowe. Amene muli ndi mpata bwerani mudzatithandize kukweza katundu, ndipo mutipempherere kuti mvula idikire mpaka thenti litamangidwa.

Tsalani bwino, makolo athu ndi abale athu.